Kukonzekera Kutenga Pathupi Pamene Muli ndi Matenda a Shuga

Mayi amene ali ndi matenda a shuga akhoza kutenga pathupi, kuyembekezera bwinobwino mpaka kubereka mwana wathanzi, koma ntchito yaikulu yoteteza mwanayo imachitika pathupipo pasanakhale. Mtima, ubongo, msana ndi impso za mwana zimaumbika m'masabata 8 oyambirira, ndipo njira imene imadzakhala ubongo ndi mtsempha wa msana imakhala itatsekeka pofika tsiku la 28 chitengereni pathupi. Pa nthawi imeneyo amayi ambiri amakhala akadadabwa kuti msambo wachedwa, ndipo ena amadikira mwezi wachinayi kapena wachisanu kuti akayambe sikelo. Shuga wa m'magazi a mayi amadutsa mosavuta kupita kwa mwana, choncho akakhala wokwera m'masiku oyambirirawo, chiopsezo choti pathupi papite padera kapena mwana abadwe ndi chilema cha mtima kapena cha msana chimakula. Mlimi amagalauza munda mvula isanagwe, ndipo nanunso muyenera kudzipatsa miyezi yosachepera 3, mwinanso 6, yokonza thupi lanu musanasiye kulera.

Choyamba: pitirizani kulera, ndipo uzani adokotala cholinga chanu

Tsiku limene mukupita kukatenga mankhwala ku kiliniki ya shuga, musangolandira mapiritsi n'kubwerera. Nenani momveka kuti inu ndi amuna anu mukufuna mwana chaka chino kapena chamawa, ndipo pemphani kuti zimenezi zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala, chifukwa amene adzakuoneni ulendo wotsatira akhoza kukhala wina. Ngati mumalandira chithandizo pa chipatala chaching'ono, funsani ngati angakutumizeni ku chipatala chachikulu cha m'boma lanu, kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Zomba kapena ku Mzuzu, kumene kuli madokotala oona za shuga komanso za amayi oyembekezera.

Pamene mukukonzekera, musasiye njira yakulera. Njira yoika pamkono ndi lupu zili ndi ubwino wakuti zikangochotsedwa mayi amatha kutenga pathupi posachedwa, pamene jakisoni wa miyezi itatu wa Depo amachedwetsa, ndipo ena amatha miyezi yambiri, ngakhale chaka, asanaime. Ngati muli pa jakisoni, kambiranani ndi anamwino za kusintha njira pa nthawi yokonzekerayi, kuti tsiku limene adokotala adzakuuzeni kuti shuga wafika pabwino musadzadikirenso nthawi yaitali.

Pitani limodzi ndi amuna anu ulendo umodzi kapena iwiri. M'mabanja mwathu, chaka chikatha ukwati utamangidwa popanda chizindikiro, apongozi ndi alamu amayamba kufunsa, ndipo mayi amene akulimbana yekha ndi mafunso amenewa amasiya kulera nthawi isanakwane. Bambo amene wamva yekha kuchokera kwa adokotala chifukwa chodikirira amatha kuwayankha abale ake mwaulemu, mkazi wake n'kupuma.

Chachiwiri: dziwani pamene shuga wanu ali, ndiponso pamene ayenera kufika

Pali kuyeza kwa mitundu iwiri, ndipo konseku n'kofunika. Kuyeza kobaya chala kumakuuzani mmene shuga alili pa mphindi imeneyo. Kuyeza kwa HbA1c kumachitika pa magazi a mumtsempha, ndipo kumaonetsa mmene shuga wakhala akuyendera m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Mayi amene akufuna kutenga pathupi amalangizidwa kufikitsa HbA1c pansi pa 6.5 peresenti, ngati zimenezi zingatheke popanda shuga kumatsika mowopsa kawirikawiri. Ngati yafika pa 10 peresenti kapena kupitirira, langizo la madokotala ndi lakuti musatenge pathupi mpaka itatsika. Musataye mtima ngati 6.5 akuoneka kuti ali patali, chifukwa kutsika kulikonse, kaya kuchoka pa 9 kufika pa 8, kumachepetsa chiopsezo kwa mwana.

Kuyeza kwa HbA1c sikupezeka m'zipatala zonse, ndipo kumatha kupereka chithunzi cholakwika kwa munthu amene magazi ake ndi ochepa, amene wangodwala kumene malungo, kapena amene ali ndi matenda a sickle cell. N'chifukwa chake kamakina koyezera shuga pakhomo n'kofunika kwambiri pa nthawiyi. Musanadye kanthu m'mawa, shuga akhale pakati pa 5 ndi 7 mmol/L (muyeso wa shuga pa kamakina), ndipo musanadye nkhomaliro kapena mgonero akhale pakati pa 4 ndi 7. Timakina tina timalemba manambala akuluakulu a mg/dL, ndipo kuti mupeze nambala ya mmol/L mumagawa ndi 18, kotero kuti 126 pa kamakina kotere ndi chimodzimodzi 7 pa kena.

Timapepala toyezera ndi todula, ndipo si nyumba iliyonse ingakwanitse kuyeza kanayi kapena kasanu pa tsiku. Ngati muli ndi tochepa, musamayeze m'mawa mokhamokha masiku onse. Lero yezani m'mawa musanadye, mawa yezani patatha maola awiri mutadya nsima ya masana, mkucha yezani musanagone. Gulani kope la ana asukulu, mulembe tsiku, nthawi, nambala imene mwapeza, chimene munadya ndi mlingo wa mankhwala. Kope limeneli limathandiza adokotala kuposa mawu akuti "ndikupezako bwino", chifukwa ndi mmene amaonera kuti insulin (mankhwala a jakisoni otsitsa shuga) ya madzulo iwonjezedwe kapena ya m'mawa ichepetsedwe.

Chachitatu: tengani mankhwala anu onse kuti akaunikidwe

Sonkhanitsani m'jumbo mankhwala onse amene mumamwa, a kuchipatala, ogula ku famase, ngakhalenso azitsamba, mukawaike patebulo la adokotala. Ena mwa mankhwala amene amathandiza kwambiri munthu wa shuga ndi oopsa kwa mwana wosabadwa. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi monga enalapril, captopril, lisinopril ndi losartan amatha kuononga impso za mwana, ndipo amasinthidwa ndi ena monga methyldopa, nifedipine kapena labetalol. Mankhwala ochepetsa mafuta m'magazi monga atorvastatin ndi simvastatin kawirikawiri amaimitsidwa. Musasiye nokha mankhwala a BP popanda kupatsidwa olowa m'malo mwake, chifukwa BP yokwera nayonso imaika mayi ndi mwana pangozi.

Pa mankhwala a shuga enieniwo, metformin amatha kupitirizidwa, koma mapiritsi ena monga glibenclamide nthawi zambiri amasinthidwa ndi insulin. Amayi ambiri amachita mantha akamva za jakisoni, poganiza kuti matenda afika posauzana kapena kuti mwana apwetekedwa. Zoona zake n'zakuti insulin ndiyo mankhwala odalirika kwambiri pa nthawi yoyembekezera, chifukwa safika kwa mwana mmene shuga amafikira, ndipo mlingo wake umasinthidwa mosavuta thupi likamasintha. Ndi bwino kuphunzira kudzibaya panopa, mtima uli m'malo, kusiyana ndi kudzaphunzira mukulimbana ndi nseru. Pemphani anamwino akuonetseni kusiyana kwa insulin yoyera ngati madzi, imene imagwira ntchito msanga, ndi yooneka ngati mkaka, imene imagwira pang'onopang'ono ndipo imafuna kuigubuduza m'manja musanaikoke. Muzisintha malo obaya, pamimba ndi pantchafu, kuti khungu lisachite timibulu tolimba, pakuti insulin yobayidwa pa kam'bulu silowa bwino m'thupi.

Insulin imaonongeka ndi kutentha komanso ikaundana. Amene ali ndi firiji aisunge m'munsi, kutali ndi malo oundanitsa madzi. Amene alibe, kapena magetsi amazimazima kwawo, aike kabotoloko m'kapulasitiki kotsekeka bwino, n'kukasunga mu mtsuko wadothi wokhazikidwa pa mchenga wonyowa, pamalo a mthunzi m'nyumba. Kabotolo kamene katsegulidwa kagwiritsidwe ntchito pasanathe mwezi umodzi.

Amayi amene akumwa ma ARV asasiye ngakhale tsiku limodzi, koma akumbutse adokotala kuti akumwanso metformin. Dolutegravir, amene ali m'mapiritsi amene anthu ambiri akulandira m'Malawi muno, amachulukitsa metformin m'magazi, ndipo mlingo wake umayenera kuonedwanso. Kunena za mankhwala azitsamba, kaya ndi othandiza kuti mayi aime msanga kapena amene amati amatha shuga, asiyeni. Palibe amene angakuuzeni mlingo wa zimene zili m'botolomo, ndipo impso za munthu wa shuga zimakhala kale pa ntchito yolemera.

Chachinayi: yambani kumwa folic acid wa 5 mg

Folic acid ndi vitamini amene amateteza mwana ku chilema cha msana wotseguka ndi cha ubongo, koma amagwira ntchito yake ngati ali kale m'thupi pa nthawi imene ziwalozi zikuumbika. Mayi wa shuga amafunika 5 mg tsiku lililonse, kuyambira miyezi itatu asanasiye kulera mpaka pathupi patakwana masabata 12. Mapiritsi owonjezera magazi amene amaperekedwa ku sikelo ali ndi folic acid wochepa kwambiri kuyerekeza ndi 5 mg, choncho musaganize kuti amenewo akwanira pa nthawi yoyambirirayi. Tchulani mlingo wa 5 mg pofunsa.

Pathupi pakadutsa masabata 12, mlingo waukuluwo umasiyidwa, n'kubwerera ku mapiritsi a ku sikelo aja. Kwathu kuno zimenezi zili ndi chifukwa china chapadera. Kuyambira sabata la 13 amayi oyembekezera amapatsidwa Fansidar woteteza ku malungo, ndipo folic acid wa 5 mg amafooketsa mphamvu ya Fansidar. Uzani azamba kuti mwakhala mukumwa wa 5 mg, kuti akuuzeni tsiku losiyira musanalandire Fansidar woyamba.

Chachisanu: kayezetseni maso, impso ndi magazi

Shuga amaononga timitsempha ta kuseri kwa diso mwakachetechete, munthu akuonabe bwinobwino, ndipo pathupi pamatha kufulumizitsa kuonongekako. Kutsitsa shuga mwadzidzidzi atakhala wokwera zaka zambiri nakonso kumatha kukulitsa vutoli kwa kanthawi, choncho maso ayezedwe poyambirira, mankhwala asanawonjezedwe kwambiri. Kuyeza kofunika si kowerenga zilembo pakhoma ayi, koma kothira mankhwala okulitsa mwanadiso kuti adokotala aone mkati. Chithandizochi chimapezeka ku zipatala za maso monga Lions Sight First ku Queen Elizabeth komanso ku Nkhoma. Tengani wokuperekezani, chifukwa maso amachita chimbuuzi kwa maola angapo akathiridwa mankhwalawo.

Impso zimayezedwa m'njira ziwiri: magazi kuti aone creatinine, chinthu chimene chimachuluka m'magazi impso zikafooka, ndi mkodzo kuti aone ngati mukutuluka mapuloteni. Mayi amene impso zake zayamba kufooka amakhala pa chiopsezo chachikulu cha BP ya pathupi, ndipo ayenera kukambirana ndi dokotala wamkulu asanatenge pathupi. Pa ulendo womwewo yezetsani BP, kuchuluka kwa magazi, HIV pamodzi ndi amuna anu, ndi chindoko. Amene ali ndi shuga wa mtundu woyamba afunsenso za kuyeza chithokomiro, pakuti matenda awiriwa amakonda kuyendera limodzi. Dzino lobowoka, chilonda cha kuphazi kapena matenda a njira ya mkodzo zichiritsidwe tsopano, chifukwa chilichonse cha zimenezi chimakweza shuga.

Chachisanu ndi chimodzi: konzani mbale yanu ndi kayendedwe ka thupi

Palibe chifukwa chosiyira nsima, koma kuchuluka kwake ndiko kumafunika kusamala. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera chifukwa uli ndi gaga, komabe mitanda itatu ya mgaiwa imakweza shuga ngati nsima ina iliyonse. Theka la mbale likhale ndiwo zamasamba monga bonongwe, nkhwani, mpiru, chisoso, khwanya kapena therere. Theka lotsalalo muligawe pawiri: mbali imodzi nsima, mpunga, mbatata kapena chinangwa, osapitirira kukula kwa chibakera chanu, ndipo mbali inayo nyemba, nandolo, khobwe, usipa, matemba, mazira kapena nyama. Kamakina kanu ndiko kadzakuuzeni zoona, mukayeza patatha maola awiri mutadya.

Zimene zimasokoneza amayi ambiri ndi zakumwa ndi zodyera m'njira. Thobwa, maheu, zakumwa za m'mabotolo, tiyi wothira shuga, mandasi ndi zitumbuwa zimakweza shuga mofulumira, ndipo munthu saziwerengera ngati chakudya. Nthawi ya mango, idyani limodzi laling'ono mutatha kudya, osati kukhala pansi pa mtengo ndi beseni. Musadumphe chakudya mukakhala kuti mwabaya insulin kapena mwamwa glibenclamide, ndipo ngati ku tchalitchi kapena ku mzikiti kuli kusala kudya, kambiranani ndi adokotala komanso atsogoleri anu musanayambe, pakuti kusala kotere kumatha kugwetsa munthu wa insulin.

Kuyenda ndawala mphindi 30 pa tsiku, masiku asanu pa sabata, kumathandiza thupi kumva insulin. Amene amalima, kutunga madzi kapena kuyenda mtunda popita ku ntchito amakhala atachita kale mbali yaikulu, koma amene amakhala pa ofesi kapena pa okala tsiku lonse ayenera kupatula nthawi, makamaka akatha kudya madzulo. Ngati thupi ndi lalikulu, kuchepetsako makilogalamu ochepa musanaime kumathandiza shuga ndi BP yomwe. Mukangoima, nthawi yochepetsa thupi yatha. Mowa ndi fodya, kuphatikizapo wofwenkha ndi woika mkamwa, zisiyidwe kuyambira pano.

Chachisanu ndi chiwiri: phunzitsani a pakhomo za kutsika kwa shuga

Mukamayesetsa kufikitsa shuga pamlingo woyenera, nthawi zina adzatsika kupitirira, makamaka m'miyezi itatu yoyambirira ya pathupi pamene nseru imakulepheretsani kudya. Shuga akatsika pansi pa 4 mmol/L, kapena kuti pafupifupi 70 mg/dL, munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta, amamva njala yadzaoneni, mtima umagunda mwamsanga, ndipo ena amayamba kulankhula zosamveka ngati aledzera. Imwani msanga madzi osungunuliramo masupuni ang'onoang'ono 3 kapena 4 a shuga, kapena theka la botolo laling'ono la Fanta kapena Coca-Cola wa shuga. Yezaninso pakatha mphindi 15, ndipo mukayamba kupeza bwino idyani chakudya chokhalitsa m'mimba. Muziyenda ndi maswiti kapena shuga womanga pa kapepala kulikonse, ku msika, ku maliro ndi mu minibasi.

Amuna anu, achemwali anu kapena mwana wamkulu wa pakhomo adziwe kumene mumasunga shuga ndi kamakina. Adziwenso kuti munthu amene wakomoka samwetsedwa kanthu chifukwa angatsamwe. Amugoneke cham'mbali, amupake shuga wonyowetsa pang'ono mkati mwa tsaya, n'kuthamangira naye ku chipatala. Malungo nawo amasokoneza shuga kwambiri, ndipo quinine amamutsitsa, choncho muzigona m'neti usiku uliwonse, ndipo thupi likatentha mukayezetse tsiku lomwelo n'kunena kuti muli ndi shuga.

Msambo ukadumpha

Adokotala akakuuzani kuti manambala afika pabwino ndipo mwasiya kulera, muzilemba tsiku loyamba la msambo mwezi uliwonse. Ukachedwa ndi sabata imodzi, yezetsani mkodzo, ndipo mukapezeka kuti mwaima pitani ku chipatala sabata yomweyo. Mwambo wobisa pathupi pang'ono ungathe kusungidwa kwa anansi ndi achibale, koma osati kwa azamba ndi adokotala. Kuyambira pamenepo malire a shuga amasintha: m'mawa musanadye akhale pansi pa 5.3 mmol/L, kapena 95 mg/dL, ndipo patatha ola limodzi mutadya akhale pansi pa 7.8, kapena 140 mg/dL. Mudzaonedwa pafupipafupi kuposa amayi ena, mlingo wa insulin udzakwera pathupi pakamakula chifukwa nsengwa imatulutsa zinthu zofooketsa mphamvu yake, ndipo kuyambira sabata la 12 adokotala angakuyambitseni aspirin wa mlingo wochepa woteteza ku BP ya pathupi.

Kambiranani msanga za kumene mudzachilire. Shuga wa mayi akakhala wokwera m'miyezi yomalizira, mwana amanenepa kupitirira makilogalamu 4, mapewa ake amatha kukanirira pobadwa, ndipo shuga wake amatsika m'maola oyambirira atabadwa. N'chifukwa chake mayi wa shuga amayenera kuchilira pa chipatala chimene chili ndi malo ochitira opaleshoni komanso osamalira ana ongobadwa kumene, ndipo nthawi zambiri madokotala amakonza zoti mwana abadwe pakati pa sabata la 37 ndi la 39. Ngati kwanu n'kutali, yambani pano kusunga ndalama ya thiransipoti ndi kuganizira amene adzakudikirireni ku chidikiro. Shuga sapatsirana kudzera mu mkaka wa m'mawere, ndipo kuyamwitsa mwana pasanathe ola limodzi atabadwa ndi njira imodzi yomutetezera kuti shuga wake asatsike.

Ngati mukuwerenga malangizowa muli kale ndi pathupi posakonzekera, musasiye insulin kapena metformin poopa kupweteka mwana, chifukwa chimene chingamupweteke ndi shuga wokwera. Tengani buku lanu la kuchipatala, kope la manambala ndi mankhwala onse, mupite ku chipatala mawa m'mawa kuti akasinthe oyenera kusinthidwa ndi kukupatsani folic acid. Mukamasanza mosalekeza, mukamva kupweteka m'mimba, ludzu losatha kapena kupuma mofulumira, musadikire kuti kuche, pakuti kwa mayi woyembekezera wa insulin magazi amatha kusanduka a asidi m'maola ochepa ngakhale nambala ya pa kamakina isanakwere kwambiri, ndipo vuto limeneli limachiritsidwa ndi diripi ndi insulin m'chipatala mokha.